Masewero a pa mtsetse: kakonzedwe ka masewero odalira mphamvu yokokera zinthu pansi

Mu Mzuzu malo athyathyathya ndi osowa. Mukachotsa Mzuzu Stadium ndi mabwalo a sukulu amene anachita kusalazidwa, malo ambiri amene ana amasewerapo ndi opendekera mbali imodzi, ndipo kwina ngati ku Masasa ndi mitsetse yeniyeni. Aphunzitsi, alangizi a Sande sukulu ndi atsogoleri a magulu a achinyamata amadandaula zofanana: mpira sukhazikika, umangothawira kumunsi, ndipo timu yogoletsa kumtunda imakhala italuza isanayambe n'komwe. Musadikire bwalo losalala. Konzani masewero amene amafuna mtsetse womwewo.

Chimene chimathawitsa mpirawo ndi mphamvu ya dziko yokokera zinthu pansi. Mphamvuyi siikondera ndipo siisintha: chinthu chimene chikugwa chimaonjezera liwiro la mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, kaya ndi mwala, mpira kapena mwana. Zopepuka kwambiri zokha, monga nthenga ndi pepala, ndi zimene mpweya umazichedwetsa. Inu simungaichepetse kapena kuionjezera. Zimene zili m'manja mwanu ndi zitatu basi: pochokera chinthucho patalika bwanji, malowo apendekera bwanji, ndiponso chingwe chatalika bwanji. Masewero ambiri m'munsimu ndi kungosintha chimodzi mwa zitatuzi.

Lamulo lotsogolera zonse ndi ili: chokwera m'mwamba chikhale mpira, kathumba kapena madzi, mwana akhale pafupi ndi nthaka. Chifukwa chake chili m'manambala. Wogwa kuchokera pa theka la mita amafika pansi pa liwiro la makilomita 11 pa ola. Pa mita imodzi ndi makilomita 16. Pa mamita awiri ndi makilomita opitirira 22, liwiro la sakaramento (njinga yakapalasa yonyamula anthu) yopalasidwa mwamphamvu, ndipo zonsezi zimachitika m'masekondi 0.6 okha, mwana asanaganize n'komwe zoika manja. Chisangalalo chonse chimene ana amafuna mungachipeze popanda kuwakweza pamenepo.

Choyamba, yezani malo

Maso amanama pa nkhani ya mtsetse, makamaka udzu ukatalika. Pezani thabwa lowongoka la mamita awiri, tepi yoyezera, ndi levulo ya amisiri omanga. Levulo ikasowa, botolo loonekera m'kati la mbali zowongoka, lodzadza madzi kusiya kampata pang'ono, likhoza kugwira ntchitoyo mukaligoneka pa thabwa.

1. Ikani nsonga imodzi ya thabwa pa nthaka chakumtunda, inayo iloze kumunsi.
2. Kwezani nsonga ya kumunsiyo mpaka kathovu ka mu levulo kafike pakati.
3. Yezani mpata wochokera pansi pa nsongayo kufika pa nthaka.
4. Bwerezani pamalo atatu: kumtunda, pakati ndi kumunsi. Nambala yoitsatira ndi yaikuluyo.

Mpata wa masentimita 10 ukutanthauza kuti malowo amatsika mita imodzi pa mamita 20 alionse. Apa ana akhoza kuthamangira mbali iliyonse. Mpata wa masentimita 20 ndi mita imodzi pa mamita 10, ndipo awa ndiwo malo abwino kwambiri a masewero ogubuduza. Ukafika masentimita 40, mpikisano wothamanga chotsika usachitikepo. Mwana wothamanga chotsika pamalo otere thupi limatsogola miyendo n'kutsalira, ndipo amagwa chafufumimba, nkhope patsogolo.

Mukatha kuyeza, tsikani mukaime kumunsi kwenikweni muone chimene chili kumeneko. Chilichonse chimene mungagubuduze chidzafika pamenepo, ndipo pambuyo pake padzakhala mwana amene maso ake ali pa mpira pokha. Ngati kuli msewu wodutsa njinga zamoto, ngalande, chitsime kapena mpanda wa waya waminga, siyani mpata wa mamita 10 ndipo ikani mzere wa matumba odzadza udzu kapena utuchi wotchinga mpira. Ngati mpatawo palibe, fufuzani malo ena.

Sewero loyamba: kuuchingamira mpira

Anthu ambiri akaona mtsetse amaganiza zothamangitsa ana kutsatira mpira chotsika. Tembenuzani: mpira utsike, ana akwere. Wokwera chitunda sathamanga mopitirira mphamvu zake, akagwa amagwera pafupi chifukwa nthaka ili kutsogolo kwake, ndipo mtima ndi miyendo zimagwira ntchito yokwanira m'mamita ochepa.

Pakufunika mtsetse wa masentimita 20 pa thabwa lija, wautali mamita 20, wosesedwa bwino. Mpira wachikopa wopopedwa bwino ndiye umagubuduka mowongoka. Wachikulunga umaima panjira pokhapokha utamangidwa molimba ndi mobulungira.

1. Jambulani mzere woyambira mpira pamwamba, ndi mzere woyambira othamanga mamita 20 kumunsi. Phulusa kapena laimu zimaoneka bwino pa dothi lofiira.
2. Kuchokera pamwamba, jambulani mizere ina itatu pa mamita 5, 8 ndi 12.
3. Mwana mmodzi agwire mpira pa mzere wa pamwamba ndi chala chimodzi. Ntchito yake ndi kuchotsa chalacho, osakankha.
4. Chala chikachoka, wothamanga anyamuke kukaugwira mpirawo ndi manja awiri.
5. Akaugwira usanadutse mzere wa mamita 5 wapeza mapointi atatu, usanadutse wa 8 mapointi awiri, usanadutse wa 12 pointi imodzi.

Chimene chimakometsa seweroli ndi kayendedwe ka mpira. Umayamba ngati sukufuna, kenaka n'kumaonjezera liwiro. Pa mtsetse woterewu, pa nthaka yolimba, umayenda pafupifupi mita imodzi m'masekondi awiri oyamba. Pakatha masekondi 4 uli cha pa mamita 4, pakatha 6 uli pa mamita 9, pakatha 8 uli pa mamita 16. Nthawi ikawirikiza kawiri mtunda umawirikiza kanayi. Galileo Galilei wa ku Italy anazipeza zimenezi pogubuduza timipira pa thabwa lopendekera, ndipo anazisindikiza mu 1638. Kwa inu wokonza sewero, tanthauzo lake ndi loti kuchedwa kwa sekondi imodzi poyamba kumamulanda mwana mapointi ochepa, koma kuchedwa kwa masekondi atatu kumamulanda ambiri. Ndiye ngati seweroli laphweka, musatalikitse bwalo. Chedwetsani wothamanga: ayambe atakhala pansi, kapena atafulatira n'kumadikira kumva wezulo, kapena ayambe wazungulira chigubu kamodzi.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi zitatu. Wogwira mpira amaukankha mobisa pamene akuthamanga ndi wa timu ina. Kuti zithe, mpira utsekedwe ndi kathabwa kamene amangokakweza. Mpira umakhotera mbali imodzi chifukwa malowo apendekera mbali ziwiri. Musalimbane nawo, gubuduzani kasanu, onani njira imene ukudutsa, ndipo mizere yanu idule njira imeneyo. Chachitatu ndi kugundana mitu pamene ana awiri akuthamangira mpira umodzi atawerama. Aliyense akhale ndi mpira wake ndi njira yake, motalikirana mamita atatu.

Tayala la galimoto lisagubuduzidwe molunjika ana. Limalemera makilogalamu 7 kapena kuposa, ndipo likathamanga mamita 15 mwana sangaliimitse ndi manja.

Sewero lachiwiri: phada wa thupi lonse

Atsikana osewera phada amadziwa kale kuti mwala ukakhala m'mwamba ndiyo nthawi yako yogwira ntchito, ukatsika nthawi yatha. Palibe wotsutsana ndi mwala. Tengani nzeru yomweyo, koma ntchito ichoke ku zala ipite ku thupi lonse.

M'malo mwa mwala sokani tizithumba. Dulani zidutswa ziwiri za chitenje chakale, masentimita 12 mbali zonse, sokani kawiri m'mphepete, thiranimo chimanga chouma kapu imodzi yosadzadza, pafupifupi magalamu 150. Musathithikize, kathumba kolimba kamadumpha m'manja ndipo kamapweteka kakagwera pamphuno. Ubwino wake pa malo athu ano ndi woti kakagwa kamakhala pomwepo, sikagubudukira ku dimba. Kakanyowa kayanikeni tsiku lomwelo, apo ayi chimanga chimamera kapena kuola, ndipo sungani m'chitini chotseka chifukwa cha mbewa ndi anankafumbwe.

Nthawi imene kathumba kamakhala m'mwamba imadalira pamene kafika, kuyeza kuchokera pa manja:

- mamita 1.2: sekondi imodzi
- mamita 2.8: sekondi imodzi ndi theka
- mamita 5: masekondi awiri
- mamita 11: masekondi atatu

Onani mmene nthawi ikukwerera mtengo. Kuti mwana apeze sekondi yachiwiri ayenera kuponya kanayi kuposa poyamba, ndipo akamaponya patali m'pamenenso kathumba kamasochera. Apa ndi pamene pali sewero: aliyense amasankha yekha pakati pa kuponya pafupi n'kuchita changu, kapena kuponya patali n'kuthamangira kowakha. Musamusankhire.

Jambulani bwalo lozungulira la mamita awiri mulifupi la wosewera aliyense. Ntchito zikwere motere: kuomba m'manja katatu, kugwira nthaka ndi manja onse, kuzungulira kamodzi, kukhala pansi n'kudzuka, kutulutsa mabotolo atatu m'bwalo limodzi limodzi, kenaka kuwabwezeramo. Wowakha ali kunja kwa bwalo wapsa. Kwa magulu, awiri aponye nthawi imodzi n'kusinthana mabwalo, aliyense awakhe ka mnzake. Agwirizane kale kuti aliyense adutsira kumanja kwake.

Mwana woyang'ana kumwamba saona chilichonse. Mudzamuona akubwerera chammbuyo, kukamwa kuli yasa, manja m'mwamba, chidendene chikufufuza nthaka. N'chifukwa chake mabwalo atalikirane mamita anayi, pasakhale chitsa kapena mwala pafupi, ndipo pa mtsetse wosewera ayang'ane kumunsi kuti akamabwerera m'mbuyo azikwera. Masana dzuwa lili paliwombo seweroli silikoma; m'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili kumsana, ndiye nthawi yake.

Sewero lachitatu: zipata zolendewera

Ili ndi sewero lodikira mpata, ndipo limapatsa mwayi ana amene alibe liwiro koma ali ndi diso. Chinthu cholendewera pa chingwe chimapita ndi kubwera pa nthawi yokhazikika, ndipo nthawiyo imadalira kutalika kwa chingwe kokha. Kulemera kwa chomangidwacho sikusintha kanthu. Chingwe cha mita imodzi chimatenga masekondi awiri kupita ndi kubwera, cha mamita atatu masekondi 3.5, cha mamita anayi masekondi 4.

Golo la mpira wamiyendo ndi pomangira pabwino. La muyezo wake ndi lalitali mamita 2.44, mulifupi mamita 7.32. Yambani mwaligwedeza, ngati mapolo adyedwa ndi chiswe m'munsi kapena mtanda wa pamwamba wangokhomedwa ndi msomali umodzi, likonzeni kaye.

1. Dzadzani matumba atatu ang'onoang'ono ndi nsanza kapena utuchi, lililonse kilogalamu imodzi kapena iwiri. Mchenga, miyala ndi zigubu za madzi ayi.
2. Mangani pa mtanda wa golo motalikirana mamita 1.8, ndi zingwe za mamita 1.5, 1.8 ndi 2.1, kuyeza mpaka pakati pa thumba.
3. Thumba lililonse likhale ndi mwana wolisamala. Alikokere kumbuyo mita imodzi, n'kulisiya osakankha.
4. Wosewera ayende pa mzere wa golo kuchokera pa polo ina kufika pa inzake osakhudzidwa. Akakhudzidwa akayambirenso.

Zingwe zitatuzi zimatenga masekondi 2.5, 2.7 ndi 2.9. Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma matumba akapita ndi kubwera kasanu amakhala atasemphana kotheratu, moti mwana sangaloweze njira imodzi. Ayenera kuyang'ana nthawi iliyonse. Zingwe zikafanana, mipata yonse imatseguka limodzi ndipo aliyense amangodutsa chothamanga. Pofuna kukhwimitsa, wosewera asenze kathumba ka chimanga pamutu kapena anyamule kapu yodzadza madzi.

Thumba losiyidwa osakankhidwa silibwerera pamwamba kuposa pamene linachokera, ndiye wolisamala akaima phazi limodzi kumbuyo kwa pamene walisiyira silimugunda. Likapepuka kwambiri, mwachitsanzo la majumbo okhaokha, mpweya umaliimitsa msanga. Thumba lokhala pamwamba kwambiri lisapitirire pachifuwa cha mwana wamfupi wa m'gulumo. Ngati ndi a sitandade 1 ndi 2, talikitsani zingwe zonse. Chingwe chisakhale ndi khwekhwe lililonse, ndipo sewero likatha masulani zonse. Chingwe cholendewera chosiyidwa pa bwalo popanda wamkulu chikhoza kukola mwana pakhosi.

Sewero lachinayi: mtsinje wa nsungwi

Apa ana amakweza madzi ndi mphamvu zawo, madziwo n'kutsika okha. Ndi sewero lokhalo limene limakoma pa mtsetse waukulu wa masentimita 40.

Ng'ambani nsungwi zonenepa pakati, dulani zidutswa za mita imodzi ndi theka, gumulani mfundo za m'kati, ndipo palani m'mphepete ndi mpeni kuti zisacheke zala. Timu ya ana 8 ifunika zidutswa zisanu, ndowa ya madzi kumunsi, ndi chigubu chopanda kanthu cha malita asanu chokhala pafupi ndi ndowayo. Awiri atunge m'ndowa n'kukwera nawo, asanu agwire nsungwi molumikiza, mmodzi alondolere madzi m'chigubu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Osakwana zaka 10 anyamule botolo la malita awiri, okulirapo asapitirire malita asanu. Pakatha mphindi ziwiri zilizonse imbani wezulo asinthane ntchito, kupanda kutero awiri okha ndiwo atuluke thukuta.

Nsonga ya nsungwi ya kumtunda igone pamwamba pa ya kumunsi, molowana ngati chikhatho chimodzi. Akapendeketsa kwambiri, madzi amalumpha polumikizira. Akagoneka kwambiri, amabwerera n'kutayikira m'mikono. Kutsika kwa masentimita 5 mpaka 10 pa mita iliyonse kumakwanira, kutanthauza kuti pa mtsetse waukulu a kumunsi ayenera kukweza nsungwi zawo pamwamba kuposa a kumtunda, kapena mtsinjewo uyende chopingasa. Asiyeni azipeze okha zimenezi. Njira ya onyamula madzi italikirane mamita atatu ndi mzere wa nsungwi, chifukwa potayikira madzi pamasanduka matope msanga. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kwa Mzuzu kwafika pachimake, musanyowetse ana. Gubuduzani ndimu m'nsungwimo m'malo mwa madzi.

Pamene mwana mwiniwakeyo achoka pansi

Katungwe, kulumpha ndi kutsetsereka ana sangazisiye, ndipo sikoyenera kuwaletsa. Koma apa ndi pamene muyezo uyenera kutsatidwa mosanyengerera.

Malamulo a ku Ulaya a malo osewerera ana, EN 1176 ndi EN 1177, amati pamene mwana angagwe kuchokera pa masentimita opitirira 60 pansi pake pakhale chofewetsa, ndipo pasakhale poti angagwe kuchokera pa mamita opitirira atatu. Pa sukulu kapena pa tchalitchi pamene wamkulu mmodzi akuyang'anira ana 40, ndi bwino kulekeza pa mita imodzi. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, lotambalala mita imodzi ndi theka kuzungulira polumphira, mudzadze mchenga wa kumtsinje wosefedwa. Zopala za matabwa zimagwiranso ntchito ndipo sizisowa kwa akalipentala, koma sankhanimo misomali, ndipo dziwani kuti utuchi wosalala ukanyowa umagwirana n'kulimba. Mchenga uzitipulidwa ndi khasu sabata iliyonse. Kumtunda kwa dzenje kumbani kangalande kopatutsa madzi, kumunsi tchingani ndi chipika, apo ayi mvula imodzi yamphamvu idzakokolola mchenga wonse.

Pa mtsetse pali msampha umene ambiri sauona. Chokwerapo cha mamita awiri mulifupi chimene kumtunda chatalika masentimita 60, pa mtsetse waukulu uja kumunsi kwake chatalika mita yathunthu. Yezani mbali ya kumunsi nthawi zonse. Phunzitsaninso katsikidwe musanayambe mpikisano uliwonse: mapazi onse pamodzi, kutera ndi kutsogolo kwa phazi, mawondo opinda, manja patsogolo. Mapointi aperekedwe kwa wotera mwakachetechete n'kuima osasuntha, osati kwa wolumpha kuchokera patali.

Katungwe afunika chidwi chapadera chifukwa chingwe chimasenza zoposa kulemera kwa mwana. Katungwe akakwera mpaka mpando kufika theka la msinkhu wa chingwe, podutsa pansi chingwecho chimamva kulemera kowirikiza kawiri: mwana wa makilogalamu 40 amakoka ngati makilogalamu 80. Akafika pofanana ndi nthambi, n'katatu. Ndiye:

- Nthambi ikhale yamoyo, yonenepa masentimita 20 kapena kuposa pomangirapo. Mango ndi wodalirika. Mapeyala amathyoka mosachenjeza, bulugamu amagwetsa nthambi, ndipo nthambi za m'munsi za paini nthawi zambiri zimakhala zouma.
- Chingwe chikhale chonenepa mamilimita 14 kapena 16. Pokhudzana ndi nthambi chilowetseni m'chidutswa cha payipi yothirira kuti chisaperepeseke.
- Mpando utalike masentimita 40 kuchokera pansi. Ngati ndi tayala, onetsetsani kuti mawaya sanatuluke, ndipo boolani mabowo pansi pake kuti madzi asadikhemo n'kuswetsa udzudzu.
- Kutsogolo ndi kumbuyo kukhale kopanda kanthu mtunda wowirikiza kawiri kutalika kwa nthambi. Nthambi ya mamita atatu ifuna mamita 6 uku ndi uku.
- Akuluakulu awiri alendewerepo limodzi mwana asanakwere.

Chofunika kwambiri kwa ife a kumapiri: katungwe aziyenda chopingasa mtsetse, osati kumtunda ndi kumunsi. Woyenda cholunjika kumunsi amamufikitsa mwana patali kwambiri ndi nthaka pa nthawi yomwe manja angathe kupulumuka, ndipo ana amakonda kudumphira pomwepo.

Kutsetsereka pa katoni kapena pa thumba m'kapinga kulibe vuto ngati miyendo ili patsogolo, akutsika mmodzi mmodzi, kumunsi kuli malo athyathyathya oimira, ndipo okwera ali ndi njira yawo pambali. Sinthani malo udzu ukayamba kutha, chifukwa njira yoperepeseka imasanduka chigwembe mvula ikabwera.

Sikelo ya anthu

Tengani matabwa awiri a paini, ochindikala mainchesi 2, mulifupi mainchesi 8, aatali mamita 3.6, opanda mfundo zikuluzikulu pakati. Asanjikizeni n'kuwamanga ndi mabawuti. Ikani pakati pake pa chipika chonenepa masentimita 20 chokhazikika m'kadzenje, pamalo osalazidwa, ndipo pansi pa nsonga zonse kwirirani chidutswa cha tayala kuti zala zakumapazi zisapanikizike. Nsonga sidzakwera kuposa masentimita 40. Cholinga si kuponyana m'mwamba ayi, koma kuti ana awiri kapena anayi aime pa thabwa, nsonga zonse zili m'malere, mpaka anzawo awerenge kufika 10. Kulemera kuchulukitsa ndi mtunda wochokera pakati kufanane mbali zonse: wa makilogalamu 40 ataima pa mamita 1.2 amalingana ndi wa makilogalamu 30 ataima pa mamita 1.6. Jambulani mizere pa thabwa masentimita 20 alionse kuti azitha kuuzana poima. Potsika atsike mmodzi mmodzi atanena kaye, poyamba asendere pakati. Wodumpha mwadzidzidzi amagwetsa mnzake.

Kusintha, nyengo ndi ngozi

Yesani sewero lililonse ndi ana ochepa musanaitane gulu lonse. Ngati ana 6 kapena 7 mwa 10 akukwanitsa, lili bwino. Onse akamakwanitsa amatopa nalo, akamakwanitsa awiri okha enawo amakhala pansi. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi: mzere, kapena chingwe, kapena ntchito. Mukasintha ziwiri simudzadziwa chimene chathandiza.

Poti m'masewerowa mpira ndi matumba zimangosiyidwa, sizikankhidwa, mwana woyenda pa njinga ya olumala kapena ndi ndodo ali ndi ntchito yeniyeni. Iye ndi amene amasankha nthawi yochotsa chala, ndipo wochenjera amadikira mpaka wothamanga ataphethira. Onetsetsani kuti njinga yake yaima chopingasa mtsetse, mabuleki atamangidwa.

Mvula ya kuno imachedwa kusiya, ndipo yamawawa imapitirira ngakhale kwina kutauma. Dothi lofiira likanyowa pang'ono pamwamba limaterera kwambiri. Musanayambe, pondani pa mtsetse ndi phazi limodzi n'kulipotoza. Likaterera kapena dothi likamatirira ku nsapato, sewerani phada ndi zipata zolendewera pamalo osalala, zothamanga zidikire. M'mawa wa nyengo yozizira mame pa kapinga amachita chimodzimodzi. Masilipasi avulidwe, pa mtsetse phazi limatuluka m'kati mwake n'kupotoza kakolo.

Mwana akagwa n'kumenyetsa mutu, asapitirize kusewera tsiku limenelo ngakhale akunena kuti ali bwino, ndipo makolo ake auzidwe. Akakomoka ngakhale pang'ono, akamasanza, akamaodzera mosadziwika bwino, akamayankha zosokonekera, kapena magazi kaya madzi akamatuluka m'khutu kapena m'mphuno, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Wodandaula khosi kapena msana, kapena amene sakumva miyendo, asadzutsidwe kapena kunyamulidwa chopinda. Mutu ugwiridwe kuti usagwedezeke, agonekedwe pa thabwa kapena chitseko, anthu angapo anyamule limodzi.

Lolemba lililonse yenderani zida. Gwedezani mapolo, bayani m'munsi mwake ndi msomali kuona ngati chiswe chalowa, limbitsani mabawuti, tipulani mchenga. Zingwe za pulasitiki zimaonongeka ndi dzuwa ngakhale zikuoneka zathunthu. Pindani chingwecho n'kuchipotokola kuti muone m'kati mwa nkhosi zake. Chikakhala chatuwa, chikuuma, kapena chikusiya ufa m'manja, chimasuleni ndipo chiduleni tizidutswa kuti wina asakachimangenso pa mtengo.